Za Mphaka wa m'Nyumba ya Mabuku

Kutali kutsidya kwa nyanja yaikulu, pakati pa dziko la America, pali chigawo china dzina lake Iowa. Dziko la kumeneko ndi lachidikha, lopanda mapiri aatali, ndipo nthaka yake ndi yakuda ndi yachonde kopambana. Munthu akaima pamsewu m'nyengo yolima, aona minda ya chimanga mbali zonse kufikira kumene maso alekeza, pakuti m'America monse mulibe chigawo china chimene chikolola chimanga chochuluka kuposa Iowa. Koma eni ake sasinja chimanga chawo kuti aphike nsima ayi. China adyetsa nkhumba ndi ng'ombe, ndipo china apangira mafuta oyendetsera magalimoto.

Kumpoto chakumadzulo kwa chigawocho kuli mzinda waung'ono wa Spencer, umene unamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Little Sioux. Anthu ake ali ngati 11,000, ndipo ambiri a iwo adziwana maina, monga achitira anthu a pamudzi.

Nyengo za kumeneko zisiyana kutali ndi za ku Malawi. Mwezi wa Januwale, pamene ku Malawi mvula ili pakati ndi chimanga chilikukula, ku Iowa ndiyo nthawi ya chisanu choopsa. Inu amene mukhala kumapiri a Dedza mudziwa kuzizira kwa mwezi wa Juni, pamene mame aundana paudzu wa m'madambo ndi zala zikana kugwira choko. Koma kuzizira kumeneko n'kwamasewera pokulinganiza ndi kwa ku Iowa. Kumeneko mitsinje iuma pamwamba ngati mwala, chipale chofewa chikuta minda ndi madenga, ndipo mphepo yochokera kumpoto iomba popanda phiri loitchinga. Munthu wogona panja usiku wotere sadzukanso.

M'zaka za m'ma 1980 alimi a ku Iowa anagwa m'tsoka lalikulu. Zaka za m'mbuyo mwake anakongola ndalama zambiri kumabanki kuti agule minda ndi makina olimira, poyesa kuti mtengo wa dzinthu udzakhala wokwera masiku onse. Koma mtengo wa dzinthu unatsika, mtengo wa minda unatsikanso, pamene chiwongoladzanja cha ngongole chinakwera. Mabanja ambiri analandidwa minda imene makolo awo anailima kuyambira kale. Ndipo mlimi akasauka, wa sitolo asaukanso, ndi wokonza makina, ndi wogulitsa nsapato yemwe. Chotero masitolo ena a mu Spencer anatsekedwa, ndi anthu ena anasamuka kukafuna ntchito kwina. Otsalawo anakhala ndi mitima yolema.

Mumzindamo muli nyumba ya mabuku, imene masiku ano anthu aitcha laibulale. M'nyumba yotere munthu aliyense aloledwa kulowa, kukhala pampando ndi kuwerenga, kapena kubwereka buku ndi kupita nalo kwawo wosalipira kanthu. Chofunika ndi chimodzi chokha, kulibweza pa tsiku lake. Tsono popeza ena abwera ndi mabuku usiku, pakhomo atatseka kale, pakhoma la nyumbayo panali kabowo ka kachitseko kachitsulo, ndi m'kati mwake munali bokosi lachitsulo lolandira mabukuwo. Ana osamva nthawi zina anali kuponyamo miyala ndi zinyalala, kotero kuti antchito a m'nyumbamo sanali kuzizwa akapezamo zachilendo.

Woyang'anira nyumbayo anali mayi wina, dzina lawo Vicki Myron, mwana wa mlimi, wokulira pamunda m'dera lomwelo. Udindowo anaulandira chaka cha 1987. M'mawa mwa Lolemba, pa 18 Januwale 1988, iwo anafika kuntchito monga mwa masiku onse. Usiku umenewo kunazizira koopsa, madigiri oposa 20 kunsi kwa muyeso umene madzi aundanira. Atalowa, iwo ndi mnzawo wa pantchito anamva kaphokoso kochokera m'bokosi lija, nayesa kuti ndi khoswe kapena kanyama kena ka kuthengo kothawa chisanu. Anatsegula chivundikiro, ndipo mpweya wozizira unawaomba kumaso, pakuti chitsulo chisunga chisanu monga mtsuko usunga madzi ozizira. Pangodya, pakati pa mulu wa mabuku, panali kamphaka kakang'ono, kodzipinda, konjenjemera thupi lonse. Kanakweza mutu nikawayang'ana, nikatsegula kukamwa, koma mawu ake anatuluka ofooka ndi osasa. Kanali ka masabata ngati 8, kowonda kotero kuti munthu akadatha kuwerenga nthiti zake ndi chala.

Amene anakaponya m'menemo sanadziwike kufikira lero. Kapena anali munthu wouma mtima wofuna kungochotsa chomuvuta. Kapena anali wosauka wosowa pokasungira, amene anaganiza kuti m'bokosi muli bwino kuposa pamsewu, popeza m'mawa mudzafika anthu. Zingakhale zinali chomwecho, kugogoda pakhomo la mnansi kukadakhala kwabwino koposa, pakuti kamphakako kanatsala pang'ono kufa asanafike anthuwo.

Mayi Myron anakafungatira pachifuwa pawo kuti kamve kufunda. Ndipo popeza kanali ndi litsiro thupi lonse, anathira madzi ofunda m'beseni nakasambitsa. Nyama yogwidwa ndi chisanu safulumira kuiika pamoto kapena m'madzi otentha, koma aifunditsa pang'onopang'ono, kuti khungu lake lochita dzanzi lingapse iyo wosamva. Onse anayesa kuti kamphakako n'kotuwa ngati phulusa. Koma litsiro litachoka ndi ubweya utauma, taonani, kanali kofiirira ngati lalanje lakupsa, ka ubweya wautali, ndi maso onga golide. Kunsi kwa mapazi ake onse anayi kunali kutapsa, pakuti chisanu chachikulu chitentha mnofu monga moto. Ndipo patapita masiku khungu la kumeneko linayera nilisupuka. Koma ngakhale kuima kunali kowawa, atakaika patebulo kanadzikoka kunka kwa munthu aliyense amene anali pomwepo, nikakhuza mutu wake padzanja lake, kalikulira kulira kwa pakhosi kumene amphaka achita akakondwa. Amphaka ambiri ozunzidwa aopa anthu, nabisala kunsi kwa mipando, nakanda wofuna kuwagwira. Kameneka sikanatero.

Kupulumutsa kamphakako inali ntchito ya m'mawa umodzi. Ntchito yaikulu inali m'tsogolo, ndiyo kukapezera kwawo. Pakuti wotola nyama yotayika ayamba ndi chifundo, koma chifundo cha tsiku loyamba sichikhalitsa mwa anthu onse. Mwana atola kamphaka panjira, nakapatsa mkute madzulo amenewo. Mawa lake amake afunsa kuti kadzadya chiyani, atate ake afunsa kuti kakadzagwira anapiye a eni ake adzalipira ndani, ndipo mkucha kamphaka kabwerera kumene kanachokera. Mwanayo alira, koma cholakwa chake ndi ichi, kuti analandira mlendo m'nyumba ya eni wosayamba wapempha. Mphaka wosungidwa bwino akhala zaka 15, ndipo ena afika 20. Womulandira alonjeza za zaka zonsezo, ngakhale iye mwini sazindikira kuti walonjeza. Ndipo onse a m'nyumbamo asenza nawo lonjezolo.

Mayi Myron anafuna kuti kamphakako kakhale m'nyumba ya mabuku momwemo. Koma nyumbayo sinali yawo. Inali ya mzinda wonse, yosungidwa ndi msonkho wa anthu, ndipo iwo anali kapitawo chabe. Chifukwa chake, m'masiku oyamba aja, kamphaka kalikuchira mabala ake m'chipinda cha antchito, iwo anayamba kufunsa. Anafunsa mfumu ya mzinda, imene aitcha meya. Anafunsa wodziwa malamulo wa mzindawo ngati pali lamulo loletsa nyama kukhala m'nyumba ya anthu onse, ndipo iye anapeza kuti palibe. Potsiriza anatula nkhaniyo kwa akuluakulu a bungwe loyang'anira nyumba ya mabuku, amene ndiwo anali ndi mphamvu yovomera kapena kukana. Ndipo iwo anavomera.

Koma si onse a mumzinda anakondwa. Nyuzi ya mzindawo italemba nkhaniyi ndi kuika chithunzi cha kamphaka, ena anadandaula kuti nyumba ya mabuku si khola. Amenewa sanadziwe kuti mphaka ndi mlonda wakale wa zosungidwa za anthu. Pamene anthu a kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean anayamba kulima tirigu ndi kumusunga m'nkhokwe, mbewa zinadza kudzadya tirigu, ndi amphaka a kuthengo anadza kudzadya mbewa. Pomwepo ndi pamene ubwenziwo unayambira. Pachilumba cha Cyprus anafukula manda a zaka ngati 9,500 zapitazo, m'mene munthu anaikidwa ndi mphaka pambali pake. Ndipo khoswe amene aboola nkhokwe ndi yemweyo atafuna mapepala ndi zikuto za mabuku. Chifukwa chake osunga mabuku akale anali kuweta amphaka. Ngakhale ku Russia, mfumu yaikazi Elizabeth inalamula chaka cha 1745 kuti amphaka abwere kunyumba yake yachifumu ku St Petersburg adzagwire makoswe, ndipo nyumba yosungiramo zithunzi ya Hermitage, imene ili pamalo amenewo, isunga amphaka kufikira lero.

Koma analipo ena amene dandaulo lawo linali lomveka ndithu. Alipo anthu amene akayandikira mphaka ayetsemula kosaleka, maso awo ayabwa nafiira, ndipo odwala mphumu abanika. Chimene chiwavuta si ubweya weniweniwo, koma kanthu kena ka m'malovu ndi m'khungu la mphaka, kamene kamamatira kuubweya pamene iye adzinyambita, nikauluka pamodzi ndi fumbi. Kholo la mwana wotere linali ndi chifukwa chofunsira, pakuti mwana wake anali ndi gawo m'nyumba imeneyo kuposa mphaka aliyense. Mayi Myron sananyoze mantha amenewa. Anafunsira nzeru kwa madokotala a mumzindamo, ndipo iwo anaona kuti popeza nyumbayo ndi yotakasuka, ya denga lalitali, ndi yosesedwa kawirikawiri, choopsa n'chochepa.

Panalinso funso la ndalama. Pa nthawi imene mabanja anali kulandidwa minda, sikukadakhala koyenera kutenga msonkho wa anthu ndi kugulira mphaka chakudya. Chotero panakhala pangano lakuti ngakhale kobiri limodzi la mzinda lisapite kwa iye. Antchito anasonkha za m'matumba mwawo, owerenga anaponyako zawo mwa kufuna kwawo, ndipo pambuyo pake zopereka zinafika m'makalata kuchokera kutali. Pangano limeneli linasungidwa moyo wake wonse.

Anapita nayenso kwa sing'anga wa ziweto, amene anamubaya katemera. Katemera ateteza mphaka, natetezanso ana omugwira, pakuti matenda ena, monga chiwewe, sagwira agalu okha. Atakula pang'ono anamufula, monga afula tonde kapena ng'ombe. Ana ena ayesa kuti imeneyi ndi nkhanza, koma werengani nokha. Mphaka wamkazi akhoza kutenga bere ali ndi miyezi 5 kapena 6. Akhala nalo masabata 9 okha, naswa ana anayi kapena asanu. Ndipo atha kutero kawiri kapena katatu chaka chimodzi. Makomo olandira ana onsewo sapezeka. Otsala ndiwo aja atayidwa kudzala, m'ngalande, ndi m'mabokosi a mabuku. Koma mphaka wofulidwa sachulukitsa osowa kwawo, sayendayenda usiku kukamenyana ndi anzake, ndipo akhazikika pakhomo.

Tsopano panatsala dzina. Antchito anayamba kumutcha Dewey, ndipo dzinali lili ndi mbiri yake. Chaka cha 1876 munthu wina wa ku America, Melvil Dewey, anakonza njira yoikira mabuku m'malo mwake mwa manambala. Anagawa nzeru zonse m'magulu 10: za chipembedzo anazipatsa 200, za zilankhulo 400, za masamu ndi zolengedwa 500, za mbiri yakale ndi maiko 900, ndi zina chomwecho, ndipo gulu lililonse analigawanso pa 10. Mwa njira imeneyi buku lililonse lili ndi pokhala pake, ndipo lingachoke kangati, wolibweza adziwa poliika. Nyumba za mabuku za m'maiko ambiri zitsata njirayi kufikira lero. Mukadzalowa m'nyumba yotere, funani nambala 636.8 pamsana pa mabuku. Pamenepo ndi pamene pakhala mabuku onena za amphaka.

Koma Mayi Myron anafuna kuti a mumzinda amve kuti mphakayo ndi wawo. Ndipo munthu amva kuti mwana ndi wake akaloledwa kumutcha dzina. Chotero anapempha kuti aliyense alembe papepala dzina limene afuna. Mapepala anafika mazana angapo, ndipo atawerenga anapeza kuti ochuluka afuna Dewey lomwelo. Anawonjezapo maina awiri, nakhala Dewey Readmore Books. M'Chingelezi mainawo akatchulidwa pamodzi amveka ngati funso lakuti, Kodi tiwerenga mabuku ochuluka?

Kuyambira pamenepo Dewey anakhala m'nyumba ya mabuku usana ndi usiku. Koma pa masiku a tchuthi, nyumba ikatsekedwa nthawi yaitali, Mayi Myron anali kupita naye kwawo. M'mawa uliwonse anali kudikira pachitseko cha galasi kufikira iwo atafika, ndipo nthawi yotsegulira anthu ikakwana, iye anakhala chapafupi kulonjera olowa. Anakonda kukwera pakangolo kokankhira mabuku, miyendo ili lendelende, antchito alikubweza mabuku m'malo mwake. Anakonda kugona m'kabokosi kalikonse, ngakhale kochepa kotero kuti mchira ndi mwendo zinatsalira kunja. Analinso ndi khalidwe lake loipa: anali kumeza timphira tomangira mapepala, tinthu toopsa m'matumbo a mphaka. Antchito onse anaphunzira kutsekera timphira tawo m'madirowa, koma iye anali kutipeza ndithu. Pa chakudya anali wosankha ngati mwana wa mfumu, iye amene anapezedwa nthiti zili pamtunda; chimene anadya dzulo ndi mtima wonse, lero anali kuchinunkhiza ndi kuchoka.

Koma anthu sanali kuwasankha, ndipo ichi ndicho anamukondera koposa. Nkhalamba yofedwa, yobwera kudzawerenga nyuzi chifukwa kunyumba kuli zii, inali kupeza mphaka atakhala pamiyendo pake. Pa nthawi yowerengera ana nthano, iye anali kulowa pakati pawo ndi kusankha mwana wina womukhalira, sabata ino uyu, sabata yamawa wina. Ndipo anawo anaphunzira okha kuti wosokosera ndi wokoka mchira salandira mlendoyo, nayamba kukhala chete kuposa kale.

Mwamuna wina wochotsedwa ntchito anali kubwera m'mawa uliwonse kudzayang'ana m'mapepala olengeza ntchito, wosalankhula ndi munthu, nkhope ili pansi. Dewey anali kumuyandikira, iye namukankha. Koma tsiku lina anamuleka akhale pamiyendo pake, ndipo antchito anamuona munthuyo alikumwetulira nthawi yoyamba. Nkhaniyi isakuzidwe kuposa muyeso wake. Mphaka sanampatse ntchito, ndipo sanabwezere mlimi ndi mmodzi yemwe munda wake. Koma munthu wogwidwa ndi manyazi a umphawi, amene aliyense wokomana naye amufunsa ngati wapeza kanthu, apumula pang'ono pokhala ndi cholengedwa chimene sichimufunsa.

Panalinso mtsikana wina wolumala, woyenda panjinga ya olumala, wosatha kulankhula, amene aphunzitsi anali kubwera naye pamodzi ndi anzake sabata ndi sabata. Poyamba anali kungoyang'ana pansi. Dewey anayamba kudumphira pakathabwa ka panjinga yake. Mphunzitsi anagwira dzanja la mtsikanayo nalisisititsa paubweya, ndipo iye anafuula ndi chimwemwe, mawu ake namveka nyumba yonse. M'nyumba ya mabuku aletsa phokoso, koma limenelo panalibe woliletsa.

Tsiku lina, akali wamng'ono, anapeza mpata pachitseko madzulo natuluka. M'mawa mwake sanaoneke pamalo pake. Anamufuna kuseri kwa mabuku, anamufuna kudenga, pakuti anazolowera kukwera panyale za kumwamba. Ndipo atalephera anayenda m'misewu ndi m'makwalala alikumuitana. Patapita masiku angapo anamupeza atabisala kunsi kwa galimoto, wakuda ndi fumbi, wogwidwa ndi mantha. Kuyambira tsiku limenelo, chitseko chingatseguke chotani, iye sanafunenso za kunja.

Mbiri yake inafalikira, poyamba m'midzi yoyandikana, pambuyo pake m'manyuzi a dziko lonse. Mabanja a paulendo anali kupatuka mitunda yambiri kudzamuona, ndipo ngakhale ojambula kanema a ku Japan anafika. Za izi palibe chifukwa chochulutsira mawu. Mphaka sadziwa kutchuka, ndipo alendo atapita iye anali kubwerera m'kabokosi kake.

Kuyesedwa kwenikweni kunafika pamene anakalamba. Zaka za mphaka zithamanga kuposa za munthu: mphaka wa zaka 18 afanana ndi munthu wa zaka pafupifupi 90. Dewey anawonda. Ubweya wake, umene kale unanyezimira, unayamba kupotana ndi kugwirana, popeza sanathenso kudzinyambita bwino. Mafupa a m'chiuno anamuwawa, naleka kudumphira pamwamba monga kale; ndipo matenda a m'mimba, amene anamuvuta kuyambira ubwana wake, anakula. Nthawi yambiri anali kugona pamalo ofunda. Antchito anali kumunyamula pamene kale anali kuthamanga yekha, ndipo Mayi Myron anayesa zakudya zamitundumitundu kuti adyeko ngakhale pang'ono.

Tsono ena amene anamukonda ali wokongola anayamba kunena kuti saonekanso bwino, kuti alendo amuyesa wodwala, ndi kuti kukadakhala bwino Mayi Myron akadapita naye kwawo, akatsirizire masiku ake kumeneko. Chaka cha 2006 nkhaniyi inafika kubungwe lija. Mawuwo sanali ankhanza pakuwamva, pakuti nyumba ya Mayi Myron inali yofunda, ndipo Dewey anaidziwa. Koma taganizani. Iwo anali kukhala kuntchito tsiku lonse. Mphaka amene zaka 18 anakhala pakati pa anthu akadatsala yekha m'nyumba ya zii kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Ndiponso mphaka agwira malo ndi mtima wake kuposa galu. Galu atsata mbuye wake kulikonse, nakhala wokondwa. Koma mphaka adziwa ngodya zake, fungo la zipinda zake, ndi zenera limene dzuwa lilowera nthawi yakutiyakuti. Kumusamutsa ali nkhalamba ndiko kumulanda zonsezo pa nthawi imene alibe mphamvu yophunzira zatsopano. Ndipo kunena zoona, chovuta sichinali pa mphaka, pakuti iye anali kulonjerabe anthu monga mwa mphamvu yake. Chinali pa anthu amene safuna kuona ukalamba ndi maso awo.

Mayi Myron anakana, nanenetsa kuti kwawo kwa Dewey ndi m'nyumba ya mabuku. Akuluakulu atakambirana anaileka nkhaniyo, ndipo iye anakhalabe. Kuvomera kwa 1988 kunali kopepuka, pakuti kamphaka kokongola aliyense akafuna. Kwa 2006 ndiko kunali kolemera.

Sanakhalitse pambuyo pake. Mwezi wa Novembala chaka chomwecho anakwanitsa zaka 19, ndipo patapita masiku owerengeka sing'anga wa ziweto anapeza chotupa m'mimba mwake, chomupweteka kwambiri, chosachiritsika pa msinkhu wake. Nyama ikafika potere, sing'anga aibaya mankhwala oigonetsa tulo tosadzukanso, kuti isazunzike. Pa 29 Novembala 2006 Dewey anafa chomwecho, ali m'manja mwa Mayi Myron. Manyuzi oposa 200 analemba za imfa yake. Mtembo wake anautentha, monga achitira ena kumeneko, ndipo phulusa lake analikwirira panja pa nyumba ya mabuku, naikapo mwala wolembedwa dzina lake.

Mayi Myron anapuma pantchito chaka cha 2007, ndipo chaka cha 2008 anatulutsa buku la mbiri ya Dewey, limene analemba pamodzi ndi Bret Witter; bukulo linamasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Anthu anafuna kupereka amphaka ena kuti alowe m'malo mwake, koma bungwe linayamba laimitsa nkhaniyo zaka ziwiri, ndipo chaka cha 2009 linagamula kuti m'nyumba ya mabuku musakhalenso nyama, chifukwa cha aja oyetsemula ndi obanika. Mphamvu imene inalandira Dewey ndi yomweyo inakana omutsatira, ndipo inali ndi zifukwa zake nthawi zonse ziwiri.

Mwezi wa Disembala 2008, chigamulocho chisanaperekedwe, mnzawo wina wa Mayi Myron anatola kamphaka kena pakati pa msewu wa chipale, pamene magalimoto anali kukalambalala. Kanali kofiirira, ubweya wake wogwirana ndi madzi oundana. Kameneka sikanakhale m'nyumba ya mabuku. Mayi Myron anakatenga kupita nako kwawo, nakatcha Page, ndilo tsamba la buku m'Chingelezi.